Kodi kubwereka n'kuba? Za PHP, Rust ndi zomwe zinandichitikira Loweruka

Tamala: Madzulo abwino nonse. Pali nkhani yomwe yandikhala pamtima kuyambira Loweruka, ndiye ndati ndiitule pano poti muno muli akuluakulu odziwa zambiri kuposa ine. Ndinapita ku msonkhano wa olemba mapulogalamu muno mu Lusaka, ndipo aliyense anapatsidwa mphindi 10 zoti aonetse zomwe akupanga. Ine ndinaonetsa pulogalamu yomwe ndinapangira sukulu ina ku Chilenje, yoti makolo azilipira fizi pa foni, bursar aziona pomwepo amene walipira ndi amene watsala ndi ngongole. Yakhala ikugwira ntchito kuyambira teremu yatha. Nditamaliza, mnyamata wina anaimika dzanja n'kufunsa kuti ndinailemba m'chilankhulo chanji. Nditati PHP ndi Laravel, chida chomangira mawebusayiti mu PHP, anati, "Mpaka lero mukadalemba PHP?" Anthu anaseka. Ndinayesa kufotokoza kuti PHP 8 si PHP yakale ija, ili ndi match yosankhira chochita potsata mtengo, ili ndi ma type onena mtundu wa data, ili ndi `?->` yopewera null, kutanthauza malo opanda kanthu. Iye anati zonsezo n'zakuba, PHP ilibe chake. Palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa za pulogalamuyo. Mu minibasi pobwerera misozi inalengeza. Ndiye ndikufunsa zinthu ziwiri: kodi n'zoona kuti ndi kuba? Nanga ndiisiye PHP?

Mabvuto: Pepani mlongo wanga. Zimenezo si bwino ayi.

Nabanda: Pepa Tamala. Ndinaona chithunzi cha pulogalamu yako pa status yako, ndi ntchito yaukhondo. Tiyembekeze aPhiri, nkhani za mbiri yakale ndi zawo.

aPhiri: Ndafika, ndinali pa Great East Road, magalimoto sanali kuyenda. Mwana wanga Tamala, funso lako loyamba ndiliyankha ndi funso. Nsapato wavalazo, dzina lake linachokera kuti? Kwa Apwitikizi. Kalata nayo n'chimodzimodzi. Palibe anabwera kudzatiuza kuti Chichewa chilibe chake chifukwa tinatenga mawu amenewa. Ndipo ife a mu Lusaka ndiye sitingayankhule n'komwe, chifukwa Chinyanja chomwe timagulira tomato pa Soweto Market chatola mawu ku Chibemba, ku Chingerezi, kulikonse.

Zilankhulo za kompyuta nazo zinakula choncho. Bjarne Stroustrup poyamba C++ mu 1979 anatenga ma class ku Simula, chilankhulo chomwe Ole-Johan Dahl ndi Kristen Nygaard anapanga ku Norway m'ma 1960. Java ya 1995, yomwe yandidyetsa ine zaka zonsezi, maonekedwe ake ndi a C ndi C++, koma zoti pulogalamu izidzitolera yokha zinyalala mu memory, garbage collection ija, zinayamba ndi Lisp ya John McCarthy cha m'ma 1959. JavaScript inalembedwa ndi Brendan Eich m'masiku 10 mu 1995: ma function ake anatengera Scheme, ma prototype anatengera Self, nkhope n'kuiveka ya Java chifukwa mabwana a ku Netscape ankafuna choncho. Python yomwe aNabanda amaikonda, zosiya mipata kumayambiriro kwa mzere m'malo mwa ma curly brace Guido van Rossum anachoka nazo ku ABC, chilankhulo chomwe ankagwirapo ntchito ku Amsterdam.

Ndiye ndifunse, mnyamata uja amalemba chiyani iyeyo?

Tamala: Anati Rust. Anali ndi sitika ya nkhanu, chizindikiro cha Rust, pa laputopu.

aPhiri: Chabwino. Compiler yoyamba ya Rust, pulogalamu yomasulira khodi kuti kompyuta iimve, Graydon Hoare anailemba mu OCaml. Match yomwe amanyadirayo, pamodzi ndi Option, n'zochokera ku banja la ML lomwe Robin Milner anayambitsa ku Edinburgh m'ma 1970. Zoti chinthu chizimasula chokha memory yake chikafika pothera ntchito, a C++ anali nazo kalekale. Eni ake a Rust sabisa zimenezi, anachita kulemba m'mabuku awo mndandanda wa zilankhulo zomwe anatengako. Amene amabisa ndi amene sanawerenge.

Dalitso: Amalume, ndiloleni ndilankhuleko. Ine ndimalemba Rust, ndipo sitika ya nkhanu nanenso ndili nayo. Loweruka sindinaliko, koma ndachita manyazi powerenga. Achemwali a Tamala, pepani kwambiri. Zomwe anachita mnzathuyo n'zolakwika, sindimuikira kumbuyo.

Koma pali mbali ina yomwe sindikufuna kuti ikwiririke chifukwa cha mwano wake. Kubwereka kuli mitundu iwiri. Pali kutenga chinthu pamodzi ndi mizu yake, ndiye pali kuthyola nthambi n'kuizika pabwalo kuti pazioneka pobiriwira. Java 8 mu 2014 inabweretsa Optional, kutengera Maybe ya Haskell ndi option ya ML. Koma mu Java null sinachoke. Mukhoza kulemba `Optional<String> dzina = null;` compiler n'kuvomera bwinobwino. Chinthu chomwe anachibweretsa kuti chikutetezeni ku null, nachonso chikhoza kukhala null! Mu Rust mulibe null n'komwe. Ngati chinthu chingasowe, ndiye ndi Option, ndipo compiler sikulolani kuchigwiritsa ntchito musananene chomwe chichitike chikasowa. Dzina n'lofanana, mphamvu n'zosiyana.

aPhiri: Apa ndiye wanena zoona mphwanga, ndipo sinditsutsa. Ine ndadzukapo 2 koloko usiku chifukwa cha NullPointerException, error ya Java yobwera ukagwira null, kangapo konse, ngakhale Optional itabwera kale. Chifukwa chake n'chodziwika: Java sikanatha kuchotsa null popanda kuphwanya mapulogalamu a zaka 20 omwe ali m'mabanki ndi m'maboma. Nyumba yomwe muli anthu simuigumula maziko, mumangoonjezera chipinda kumbuyo. Amene anabweretsa null, Tony Hoare, anaiika mu ALGOL W mu 1965 chifukwa inali yosavuta kupanga. Mu 2009, pa msonkhano ku London, anapepesa poyera n'kuitcha cholakwa cha madola biliyoni imodzi. Munthu wamkulu ngati ameneyo kuvomera pagulu kuti ndinalakwa. Chimenecho ndiye ndikanakonda achinyamata atabwereka.

Tamala: Achimwene a Dalitso, zomwe mwanenazi zandikumbutsa chinthu, ndipo ndiulule. Mwezi watha kholo lina linalipira pa mobile money, koma uthenga womwe unabwera ku seva yanga unalibe dzina la wolipira, malowo anali null. Pulogalamu inagwa, tsamba loyera basi. Unali usiku, magetsi atazima, batire ya laputopu ili pa 18%. Ndinangosintha mzerewo mwachangu kukhala `$malipiro?->kholo?->dzina` ndipo error inatha. Ndinagona mtima uli m'malo. Patapita masiku atatu a bursar anandiimbira kuti pali malisiti anayi omwe atuluka opanda dzina, ndalama zalowa koma sakudziwa kuti ndi za mwana uti. Tinakhala masana onse tikufananitsa manambala a foni ndi kaundula wa makolo, mmodzimmodzi. Ndiye `?->` ija sinathetse vuto, inangolitseka pakamwa.

Dalitso: Ndi zimenezo ndendende. Chizindikirocho chimati "ngati palibe, ingodutsa". Sichikufunsani kuti ngati palibe dzina, lisiti lituluke kapena lidikire. Mu Rust compiler ikanakuimitsani usiku womwewo mpaka mutayankha funso limenelo.

Yamikani: Koma tisamupangitse Tamala kuganiza kuti mankhwala ake ali ku Rust kokha. Ali mu PHP momwemo. Tamala, ika `declare(strict_types=1);` pamwamba pa mafayilo ako, chimenechi chinabwera ndi PHP 7 mu 2015. Kenako ika PHPStan, chida chofufuza zolakwika mu khodi usanaiyendetse. Ili ndi ma level, ukafika pa level 8 imakuloza paliponse pomwe ukugwira chinthu chomwe chingakhale null. Pa Laravel pali Larastan yomwe imaithandiza kumvetsa ma model. Si compiler ya Rust, koma funso lomwe Dalitso akunenalo idzakufunsa usanatumize khodi ku seva.

Ndipo `?.` imeneyi, momwe zilankhulo zina zimalembera chizindikiro unagwiritsa chija, yayenda mtunda wautali isanafike kwa iwe. Groovy inali nayo kale, C# inaitenga mu 2015, JavaScript mu 2020, PHP chaka chomwecho cha 2020. Ife a JavaScript timagwa m'dzenje lomwelo lomwe unagwamo, tsiku ndi tsiku.

Mabvuto: Ife a Flutter, omwe timalemba ma app a foni mu Dart, tinazilawa mbali inayo. Dart 2.12 itabwera mu 2021 ndi null safety, iwo anatenga ndi mizu yomwe, monga akunenera Dalitso. Ndinali ndi app ya wamalonda wina wa ku Kamwala yowerengera katundu m'sitolo. Kuisamutsa kunanditengera masabata awiri, mizere yofiira paliponse, ma package ena eni ake anali asanawasinthe, ndimachita kufunafuna ena olowa m'malo. Masabata awiri amenewo palibe anandilipira, chifukwa kwa mwini sitolo app inkaoneka chimodzimodzi. Lero ndimayamika, app sigwanso mwachisawawa. Koma kubwereka ndi mizu kuli ndi mtengo wake, ndipo amalipira ndi ife apansi.

Nabanda: Mawu a Mabvuto awa ndi amene ndimayembekezera. Anthu amaona ngati eni chilankhulo amangodzuka m'mawa n'kukopera. Kumakhala nkhondo. Ku Python kunabwera ganizo la `:=`, lomwe amati walrus, loti uzitha kupereka mtengo ku variable pakati pa chiganizo monga amachitira a C. Anthu anakangana miyezi, mawu oipa anatuluka, mpaka mu July 2018 Guido van Rossum, mwini wake amene anayambitsa Python, anatula pansi utsogoleri atatopa. Chizindikiro cha zilembo ziwiri chinachotsa munthu pampando womwe anakhalapo zaka pafupifupi 30. Chinalowabe mu Python 3.8 mu 2019, ndipo kuyambira pamenepo Python imayendetsedwa ndi komiti ya anthu asanu osankhidwa.

Ma type hint athu nawonso ndi nthambi yozika pabwalo ija. Ukhoza kulemba kuti `zaka: int` kenako n'kuikamo mawu, Python siyankhula kanthu pokhapokha utayendetsa mypy, chida chofufuza ma type. Ndimakonza data ya zaumoyo tsiku lililonse, ndipo kangapo ndapeza zaka za mwana zitalowa ngati mawu chifukwa wina ku kiliniki analemba "2yrs". Koma list comprehension yomwe tinatenga ku Haskell mu Python 2.0 inamera bwino mpaka ambiri amaganiza kuti ndi yathu yobadwa nayo.

Yamikani: Async ndi await nazo. F# inali ndi njira yake mu 2007, C# inabweretsa mawu awiriwa mu 2012, Python 2015, JavaScript 2017, Rust kumapeto kwa 2019. Ndiye pamenepa Rust inabwera m'mbuyo mwa tonse, ndipo palibe choipa. Ndipo onani Anders Hejlsberg: Turbo Pascal, Delphi, C#, TypeScript, munthu mmodzi. Akachoka pa ntchito ina kupita ina amanyamula nzeru zake m'mutu. Tinene kuti amadzibera yekha?

aPhiri: Chimodzimodzi Martin Odersky. Anagwira nawo ntchito yomwe inabala ma generics a Java 5 mu 2004, iyeyo ndi Philip Wadler wa ku Haskell, kenako n'kupanga Scala. Anthu amenewa amadziwana, amawerengerana mapepala, amakhala pa misonkhano imodzi.

Ndikuuzeni za lambda, ma function afupiafupi opanda dzina. Isanafike 2014, kuti ndisanje mndandanda wa makasitomala potsata dzina ndinkalemba mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, new Comparator, public int compare, ma curly brace otsekera. Java 8 itabwera zonsezo zinakhala mzere umodzi. Anyamata a Scala anatiseka kuti mwachedwa, a Lisp anati ife tinali nazo agogo anu asanakwatire. Zinali zoona. Koma tsiku lomwe ndinafufuta mizere 300 mu fayilo imodzi n'kuona mayeso onse akudutsa, sindinasamale kuti yachokera kwa ndani.

Chisomo: Ndiponyeko za Go, poti palibe waitchula. Iwo anachita zosiyana, anakana kubwereka. Go inatuluka mu 2009 ndipo ma generics anabwera mu 2022, pa Go 1.18. Zaka zonsezo ankasekedwa kuti ndi chilankhulo cha anthu oopa zatsopano. Koma ma channel awo anachokera ku pepala la CSP la Tony Hoare yemweyo la 1978. Ukabwereka akuti ndiwe wakuba, ukakana akuti ndiwe wotsalira.

Nabanda: Ndiye tabwera pa gawo lomwe likundiwawa ine. Vuto la Loweruka silinali la match kapena `?->`. Mnyamata uja anabwera ndi chithunzi m'mutu cha "munthu wa PHP", n'kumuveka Tamala asanamve n'komwe zomwe wapanga. Zithunzi zimenezi tonse timazidziwa. Wa PHP akuti ndi wongophunzira pa YouTube. Wa Java akuti ndi mdala wa tayi wa ku banki. Wa JavaScript akuti amasintha framework ngati malaya. Wa Haskell akuti amayankhula masamu okhaokha. Wa Rust akuti ndi mlaliki wa pa basi, chilichonse akuti tilembenso mu Rust. Zithunzi zimenezi sitinazijambule ife, tinazitola pa Reddit, pa X, pa YouTube, kwa anthu a ku America ndi ku Ulaya omwe amakangana pa zifukwa zawo. Ife tabwereka mikangano yawo popanda mizu yake. Kumeneko wa PHP akanyozedwa ali ndi anzake zikwi zambiri omutonthoza. Kuno ku Lusaka tikasonkhana sitidzaza n'komwe holo imodzi, ndipo atsikana mumachita kutiwerenga ndi zala.

Python imatchuka kuti anthu ake ndi ochezeka. Sizinangochitika. Anthu anachita kukhalira pansi: PyLadies, Django Girls yomwe inayamba mu 2014, PyCon Namibia kuyambira 2015, PyCon Africa yoyamba ku Accra mu 2019. Ine ndinalemba mzere wanga woyamba pa maphunziro a tsiku limodzi a mtundu umenewo. Mphunzitsi wake anakhala pambali panga mphindi 40 tikufunafuna chifukwa chomwe seva sinkayaka, vuto linali mpata umodzi wosowa. Sanapumire m'mwamba ngakhale kamodzi. Akanandiseka tsiku limenelo bwenzi lero ndikugwira ntchito ina.

Yamikani: A Ruby ali ndi mawu awo, MINASWAN, kutanthauza kuti poti Matz, mwini chilankhulo, ndi munthu wabwino, ifenso tikhale abwino. Ndipo Laravel yomwe Tamala akugwiritsa ntchito inatengera zambiri ku Ruby on Rails ya 2004, ma migration, Active Record, kasanjidwe ka mafoda. Ngakhale Stack Overflow yeniyeniyo inavomera poyera mu 2018 kuti malo awo salandira bwino ongoyamba kumene, makamaka amayi, n'kulemba malamulo atsopano a khalidwe.

Dalitso: Mlaliki wa pa basi, mawu amenewo andilasa chifukwa ndikudzizindikira. Koma ndifotokoze chomwe chimatitentha mtima. Mu 2019 a Microsoft ananena kuti pafupifupi 70% ya mabowo a chitetezo omwe amakonza chaka ndi chaka amachokera ku zolakwika za memory. A Chromium anapeza chiwerengero chofanana. Ukaphunzira kuti pali chilankhulo chothamanga ngati C chomwe chimatseka ambiri mwa mabowo amenewo pulogalamu isanayambe n'kuyenda komwe, umafuna kuuza aliyense. Ndinalimbana ndi borrow checker, gawo la compiler ya Rust loyang'anira memory, miyezi itatu m'chipinda changa ku Kalingalinga, tsiku lomwe ndinaimvetsa ndinaona ngati maso atseguka.

Ndipo nafenso timanyozedwa. Rust inalowa mu Linux pa 6.1 mu December 2022, koma akuluakulu ena a C sanailandire, mpaka mu 2024 mmodzi mwa otsogolera ntchitoyo anasiya ponena kuti watopa ndi mikangano yosakhudza luso. Nditawerenga zinandipweteka. Lero ndikuona kuti zomwe akulu a C amatichita ife ndi zomwe mnzathu uja anachita kwa achemwali.

aPhiri: Chaona mnzako chapita, mphwanga. Koma ndikuonjezere mfundo ya luso, chifukwa 70% imeneyo achinyamata mumaiponya paliponse. Chiwerengerocho chikunena za mapulogalamu a C ndi C++, momwe munthu amadzigawira ndi kudzimasulira yekha memory. PHP, Java, Python, Go, zonsezi zimadzitolera zokha zinyalala. Pulogalamu ya fizi ya Tamala siili pa ngozi ya use-after-free, kugwiritsa ntchito memory yomwe yamasulidwa kale. Ngozi zake ndi zina: SQL injection yomwe munthu amazembetsa malamulo oipa mu database, munthu kuona lisiti la mwana wa mnzake, uthenga wa mobile money kubwera kawiri n'kuwerengedwa kawiri. Rust sikutchinjiriza ku zimenezo, ndipo Laravel ili ndi zida zokonzeka kale za zambiri mwa izo. Ukamalemba driver kapena browser, bwera ndi Rust yako ndidzakuombera m'manja. Pa fizi ya sukulu ya ku Chilenje, mtsikanayu anasankha bwino.

Dalitso: Ndavomera amalume. Pamenepo ndinalibe yankho.

Mabvuto: Ndipo tikambe za ndalama, poti lendi salipira ndi sitika. Sukulu ngati imeneyo ingakwanitse hosting yotchipa ya cPanel, yolipira kamodzi pachaka. Pamenepo PHP ndi MySQL zimakhala zilipo kale, umangokweza mafayilo. Tamala akadwala kapena akapeza ntchito ku Kitwe, sukulu ipeza wina wodziwa PHP sabata yomweyo. Wa Rust akamupeza kuti? WordPress yokha imayendetsa mawebusayiti oposa 40 pa 100 alionse padziko, ndipo ndi PHP. Wikipedia ndi PHP. Facebook inayamba ndi PHP. Makasitomala anga a ku Kamwala palibe anandifunsapo kuti app yalembedwa m'chiyani. Amafunsa kuti ikugwira ntchito netiweki ikathawa?

Nabanda: DHIS2 yomwe timalowetsamo ziwerengero za zipatala m'dziko muno ndi Java, inachokera ku University of Oslo. WhatsApp yomwe tonse timadalira, ma seva ake anamangidwa pa Erlang, chilankhulo cha Ericsson cha m'ma 1980. Zinthu zomwe zanyamula dziko lino zambiri zili m'zilankhulo zomwe pa msonkhano ngati uja zikanasekedwa.

Yamikani: Ine pa funso lachiwiri ndisiyana nanu pang'ono, ndipo Tamala ayenera kumva mbali zonse. Usaisiye PHP chifukwa cha mnyamata uja, zimenezo ayi. Koma ngati ukufuna ntchito za kunja zolipira madola uli konkuno, zomwe ine ndimakumana nazo kwambiri ndi TypeScript ndi React, kenako Python. Za Laravel zilipo koma ndimaziona zochepa. Ndipo zithunzi zomwe aNabanda akunenazi, ngakhale zili zabodza, olemba ntchito ena amazikhulupirira. Ndinakhalapo pa interview ina pomwe wofunsa atangoona jQuery pa CV yanga nkhope inasintha, mafunso onse otsatira anali ondiyesa ngati mwana. Sindinaipeze ntchitoyo. Si chilungamo, koma zilipo, ndipo sindikufuna tikunamize kuti kulibe.

aPhiri: Sindikutsutsa. Ine ndinganene chonchi: chilankhulo chachiwiri uchiphunzire, koma chifukwa chake chikhale chako. Ndinaphunzira Scala pang'ono mu 2012, sindinalembepo pulogalamu ya kasitomala ngakhale imodzi m'menemo. Koma lambda itafika ku Java ndinali wokonzeka, anzanga mu ofesi akuiona ngati chilombo. Ukaphunzira TypeScript udzabwerera ku PHP uli ndi diso la ma type. Ukalawa Rust udzayamba kudzifunsa wekha kuti "nanga chikasowa?" pa mzere uliwonse, ngakhale compiler isakufunse. Eni zilankhulo amabwerekana, nawenso uzikabwereka n'kubwera nazo kwanu.

Tamala: Ndakhala chete chifukwa ndimayesa zomwe ananena achimwene a Yamikani. Ndaika Larastan. Pa level 5 yandipatsa ma error 12. Nditakweza pa level 8 afika 61. Ndatsegula oyamba, ndipo wachitatu ndi mzere womwewo wa dzina la kholo, komanso pali wina womwe sindinkaudziwa: mwana akasamutsidwa kalasi pakati pa teremu, `$mwana->kalasi` ikhoza kukhala null pa tsamba la ngongole. Sizinachitikebe, koma January zikanachitika.

Mzere wa lisiti ndausintha. Tsopano dzina likasowa, malipiro akulowa m'gulu la "odikira kutsimikizidwa", bursar akuona chizindikiro chofiira, ndipo lisiti silituluka mpaka atasankha mwana. Ndachotsa `?->` pamenepo.

Dalitso: Achemwali, chomwe mwapangacho ndi Option yeniyeni, mwangoilemba ndi manja. Some ndi lisiti, None ndi odikira. PHP 8.1 ili ndi enum, mndandanda wa mitengo yokhayo yololedwa, mukhoza kuika mikhalidwe ya malipiro m'menemo n'kugwiritsa match. Mukadzaonjezera mkhalidwe wina n'kuiwala kuusamalira, match imaponya error m'malo mongodutsa mwakachetechete ngati switch yakale, ndipo PHPStan imakuchenjezani zisanafike pamenepo.

Tamala: Enum sindinaigwiritsepo ntchito. Panopa ndimasunga mawu wamba mu database, "paid", "pending", ndipo pena ndinalemba "Paid" ndi P wamkulu, lipoti linasowa ana asanu ndi awiri.

Chisomo: Zimenezo tonse zinatigwerapo. Enum ithetsa.

aPhiri: Ndipo za uthenga wobwera kawiri zija usaiwale. Ika unique index pa nambala ya transaction yomwe imachokera ku kampani ya foni. Netiweki ikavuta iwo amatumizanso uthenga womwewo, ndipo kholo lidzaoneka ngati lalipira kawiri. Chimenechi palibe chilankhulo chidzakuchitire, ndi database.

Tamala: Amalume, ndayang'ana, index imeneyo palibe. Ndiika usiku uno.

Nabanda: Ine ndalankhula ndi mmodzi mwa okonza msonkhano uja, timadziwana. Sindinatchule dzina la munthu. Ndapempha kuti ulendo wina woyendetsa mwambo azinena poyamba kuti mafunso akhale a chomwe munthu wapanga, ndipo wavomera. Wafunsanso ngati Tamala angabwerenso mwezi wamawa kudzaonetsa za malisiti opanda dzina ndi momwe wakonzera. Ndamuuza kuti ndikufunsa kaye mwini wake.

Tamala: Mtima ukugunda, koma ndibwera. Bola mukakhalepo.

Nabanda: Ndidzakhala kutsogolo.

Dalitso: Nanenso ndidzabwera. Ndipo mnzathu uja ndikuganiza kuti ndikumudziwa, a Rust mu Lusaka sitili ambiri. Ndikamuona ndekha, ndikambirana naye ngati abale, osati pagulu.

Mabvuto: Nanga ma error 61 aja? Loweruka lino ndili ndi mpata masana. Tikumane tiwagawane.

Yamikani: Bwerani kwathu ku Kabwata, ndili ndi inverter, magetsi akazima tipitirizabe. Kuyambira 14 koloko. Tamala, uike khodi pa GitHub mu repo ya private n'kutiitana, koma uchotse kaye fayilo ya .env yosunga mapasiwedi, ndi mayina enieni a ana, upange data yongoyeserera.

Tamala: Ndachotsa kale .env. Data yoyeserera ndipanga mawa ndi ma factory a Laravel. Achimwene a Dalitso, mudzabwere ndi laputopu yanu, ndikufuna mudzandionetse match ya Rust ndi maso anga, ndione pomwe compiler imakanira.

Dalitso: Ndibwera nayo. Nditumizireni username yanu ya GitHub ku inbox.

aPhiri: Ine ndifika mochedwerapo, ndili ndi maliro ku Matero m'mawa. Mundisungire ma error a database.